Dolifini ndi njuchi yaubweya: mafunso amene mwakhala mukundifunsa

Nkhaniyi inayamba ndi mwana wa mlongo wanga amene anabwera ndi foni ya bambo ake madzulo ena kuno ku Ulongué, akuti malume taonani nsomba iyi ikuyamwitsa mwana. Tsiku lomwelo tinaonanso kavidiyo ka njuchi yonenepa yaubweya ikugudubuza kampira. Nditaziika pa gulu lathu la WhatsApp la aphunzitsi ndi makolo mafunso anabwera ambiri moti ena sindinawayankhe bwino, nde ndati ndiwaike pamodzi pano, aliyense awerenge pa nthawi yake.

Choyamba, dolifini ndi nsomba kapena ayi?

Ayi, si nsomba olo pang'ono. Ndi nyama yomwe ija kusukulu tinkaitchula kuti golfinho. Imapuma mpweya ndi mapapo ngati ine ndi inu, kungoti mphuno yake ili pamwamba pa mutu, kabowo kamodzi kamene kamatseguka ikatulukira pamwamba pa madzi nkutsekekanso ikamamira. Magazi ake ndi ofunda, imatenga bere, imabereka mwana wamoyo, imayamwitsa. Mukafuna kusiyanitsa mwachangu yang'anani mchira: wa nsomba ndi woimirira ndipo umapita uku ndi uku, wa dolifini ndi wogona ndipo umapita m'mwamba ndi pansi. Kunena za chibale, dolifini ali pafupi ndi mvuu zija za mu Zambezi kuposa ndi pende kapena kapenta, ofufuza anapeza kuti mvuu ndiye m'bale wapafupi kwambiri wa ma dolifini ndi anamgumi mwa nyama zonse zimene zilipo lero.

Nanga njuchi yaubweyayo si bemberezi wathu yemweyu?

Funso ili anafunsa anthu anayi ndipo ndikumvetsa, chifukwa pa chithunzi zimafanana zedi. Koma ayi. Njuchi ija azungu amati bumblebee, asayansi amati Bombus, ilipo mitundu pafupifupi 250 ndipo yambiri imakhala kumayiko ozizira, ku Ulaya, ku Asia, ku America, makamaka m'mapiri. Mu Africa muno imapezeka kumpoto kwa chipululu cha Sahara kokha, kumwera kuno kulibe yachilengedwe, olo kuno ku Angónia kumene mu Juni ndi Julayi timanjenjemera.

Uja amaboola mapaso a nyumba ndi nkhokwe nkumagwetsa utuchi ndi bemberezi, asayansi amati Xylocopa. Mimba yake kumbuyoku ndi yosalala yonyezimira pamene ya njuchi yaubweya ili ndi ubweya thupi lonse. Bemberezi sakhala ndi chigulu cha antchito, mayi amadziboolera yekha kanjira mu mtengo wouma, amaumba kampira ka mungu wosakaniza ndi timadzi ta m'maluwa, amaikira dzira pamenepo, nkutseka ndi utuchi, kenako kachipinda kena chonchobe. Mtengowo sadya ayi, amangofuna pogona ana. Akuluakulu aja ponena kuti bemberezi adziwa nyumba yake anali ataona bwino, pa phaso la mabowo khumi iye amalunjika pa lake.

Ndiye ngati zonse ziwiri kuno kulibe, tikuvutikiranji nazo?

Chifukwa zimene zikupha nyama ziwirizi ndi zimene timachita ife tomwe tsiku ndi tsiku: ukonde, mankhwala opopera mbewu, moto, kudula mitengo. Komanso nyama ziwirizi zili kumapeto awiri a moyo, ina yaikulu yobereka mochedwa yokhala zaka makumi, ina yaing'ono yobereka mazana yokhala chaka chimodzi, nde ukaziika pamodzi umaona msanga kuti nyama siitha mwa njira imodzi, ndipo siitetezedwanso mwa njira imodzi. Ndikufotokoza m'munsimu.

Mu Zambezi kapena ku Cahora Bassa mulibe ma dolifini? Wina anati anaona ku Songo

Mulibe. Ma dolifini a m'mitsinje alipo ndithu koma kwina, ku Amazon, ku Ganges, ku Indus. Athu a dziko lino ali kunyanja yamchere, ku Bazaruto, ku Inhambane, ku gombe la Maputo ndi Inhaca, ku Ponta do Ouro ndi malo ena m'mbali mwa gombe lathu lalitalili. Chimene chimadziwika kuti chimakwera mtsinje kuchokera kunyanja ndi shaki ina imene mpaka anaipatsa dzina la Zambezi, koma iyo ndi nsomba, ndipo damu la Cahora Bassa chilimangire mu 1974 palibe chochokera kunyanja chingadutse khoma lija. Amene anaona ku Songo mwina anaona katumbu kapena msana wa mvuu.

Zimabereka bwanji? Apa ndiye mwati pali kusiyana kwakukulu

Eya, ndipo apa ndikhalitsa chifukwa nkhani yonse yagona pano.

Dolifini wamkazi wa mtundu wodziwika uja wa mlomo wotalikirapo amakhala ndi bere miyezi pafupifupi 12, amabereka mwana mmodzi basi, nthawi zambiri mchira ndi umene umayamba kutuluka kuti mwana asamire asanafike pamwamba kukapuma koyamba. Mwanayo amayamwa kupitirira chaka, ena zaka zitatu kapena kuposa, ndipo amayenda m'mbali mwa mayi ake akuphunzira kusaka, kudziwa malo owopsa, kudziwa abale. Mayiyo kuti aberekenso pamadutsa zaka zitatu mpaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo kuti ayambe kubereka amayamba wakula zaka zingapo, ambiri pafupi ndi 10. Amatha kukhala zaka 40 kapena kuposa. Nde tawerengani nokha, moyo wake wonse ana ake mwina sangakwane ndi khumi omwe, ndipo si onse amakula. Zili ngati khola la ng'ombe zochepa, ikafa yaikazi imodzi yabere khola lonse limamva.

Njuchi yaubweya ndi zina. Banja lonse limakhala nyengo imodzi yokha. Manthu wake, amene anakwatiwa kale chaka chatha, amagona yekha pansi pa nthaka miyezi yonse ya chisanu, kukayamba kufunda amadzuka ali ndi njala nkuyamba kufunafuna maluwa ndi malo, kawirikawiri amalowa mu una wakale wa mbewa chifukwa mumakhala kale udzu wofewa. Mmenemo amaumba kamphika ka phula nkuthiramo timadzi totsekemera, amaikira mazira pa kampira ka mungu, kenako, ichi ndi chimene chinandigwira mtima, amawafungatira ngati nkhuku, akunjenjemeretsa minofu ya mapiko kuti atenthe, akumwa pa kamphika kaja kuti asafooke. Pakatha milungu inayi kapena isanu ana oyamba amatuluka, onse aakazi antchito, iwo ndi amene amapitiriza kukatenga chakudya manthu nkumangoikira. Banja limakula kufika njuchi 50 mpaka 400 kutengera mtundu, si ngati mng'oma wathu wa njuchi zikwizikwi. Kumapeto kwa nyengo kumabadwa amuna ndi amanthu atsopano, amakwatirana, kenako onse amafa, manthu wakale, antchito, amuna, kungotsala amanthu atsopano aja amene amakadzikwirira pansi.

Nde mukuona kuti pali miyezi imene mtundu wonse uli m'mimba mwa amanthu ogona pansi pa nthaka, ngati mbewu ya m'chiguwo imene agogo amasunga kudikira mvula. Ukalima kapena kutentha malo amenewo, kapena manthu akadzuka nkupeza kulibe maluwa milungu iwiri yoyambayo, wapha banja lonse la chaka chimenecho.

Imapanga uchi? Imaluma?

Uchi wake ndi wochepa kwambiri, wa masiku ochepa a mvula basi, chifukwa sisungira chisanu, palibe amene amafula. Kuluma imaluma, yaikazi yokha, ndipo mbola yake siitsalira pakhungu ngati ya njuchi yathu nde imatha kulumanso osafa, koma ndi yofatsa. Bemberezinso chimodzimodzi, wamwamuna alibe mbola olo akuzungulireni kumaso.

Dolifini amagona bwanji osamira?

Amagona ndi theka la ubongo, theka lina lili maso, diso limodzi lotseka lina lotsegula, pakapita nthawi nkusinthana. Kupuma kwa iye si kongochitika kokha ngati kwathu, amachita kufuna, nde atagona tulo tofa nato ngati ife sangadzuke.

Akuti amaona ndi makutu, zoona?

Tinene kuti amaona ndi mawu, ngati mleme. Amatulutsa timawu tothetheka tambirimbiri kuchokera m'njira za mpweya pansi pa kabowo kaja, timadutsa m'mafuta a pachipumi amene amatilunjikitsa kutsogolo, tikagunda nsomba kapena mwala timabwerera, iye amatilandira kudzera m'chibwano cha m'munsi mpaka kukhutu. Ndi mmene amasakira m'madzi amatope. Alinso ndi likhweru, aliyense lake, limene amalipanga ali mwana nkukhala nalo moyo wonse ngati dzina, ndipo anzake amatha kuliimba pomuitana. Nchifukwa chake phokoso la mainjini a maboti ndi zombo zofufuza gasi pansi pa nyanja limamusokoneza kwambiri, zili ngati munthu akuwalitseni tochi m'maso usiku wonse.

Njuchi yaubweya nayo ili ndi zake, imaona kuwala kwina kumene ife sitiona, nde duwa limene kwa ife ndi lachikasu chokhachokha kwa iyo lili ndi mizere yolozera pakati pomwe pali chakudya.

Wanzeru ndani pa ziwirizi?

Aliyense amathamangira dolifini ndipo sakulakwa, ubongo wake ndi waukulu kuposa wa munthu polemera. Ku Shark Bay ku Australia kuli ma dolifini amene amathyola siponji ya pansi pa nyanja nkuvala kumlomo kuti asadzicheke pofukula nsomba mumchenga, ndipo luso limeneli mwana amaphunzira kwa mayi ake, makamaka ana aakazi. Koma kavidiyo ka mwana wa mlongo wanga kaja sikabodza ayi. Ku Queen Mary University ku London, gulu la wasayansi Lars Chittka linaonetsa mu 2017 kuti njuchi yaubweya imaphunzira kugudubuza kampira kukaika pakati kuti ipatsidwe madzi a shuga, ndipo imaphunzira msanga ikaonerera inzake. Mu 2022 anapezanso kuti zina zimagudubuza timipira popanda malipiro alionse, mobwerezabwereza, zazing'ono kuposa zazikulu, ngati ana pabwalo. Ubongo wake ndi ngati kambewu ka chitowe. Ine chionereni zimenezi sindithanso kuona kachilombo kali pa duwa ngati kanthu kopanda mutu.

Chikupha ma dolifini ndi chani kwenikweni?

Ukonde, makamaka matchera a nayiloni aja amatchera nkuwasiya usiku wonse. Msodzi safuna dolifini, akufuna nsomba, koma ulusi wake ndi wopyapyala moti dolifini amauzindikira mochedwa, akakodwa sangakwere kukapuma, pa mphindi zochepa wamira. Ofufuza amayerekeza kuti ma dolifini, anamgumi ndi abale awo okwana 300,000 amafa chonchi chaka chilichonse padziko lonse.

Kwathu kuno amene ali pangozi kwambiri ndi dolifini wa linunda pamsana, asayansi amati Sousa plumbea, amene bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linamuika pa gulu la nyama zimene zili pangozi yakutha. Vuto lake ndi loti sapita kutali, amakhala m'madzi osaya pafupi ndi gombe ndi pamathiriro a mitsinje, pomwe pali maukonde onse, maboti onse ndi zinyalala zonse. Paki ya Bazaruto inakhazikitsidwa mu 1971 ndipo kuyambira 2017 boma likuiyendetsa limodzi ndi bungwe losamalira mapaki la African Parks, kumeneko amateteza ma dolifini pamodzi ndi dugongo, nyama ina yoyamwitsa ya m'nyanja yodya udzu, ndipo malamulo a usodzi a dziko lino amaletsa kupha nyama zimenezi, koma gombe ndi lalitali ndipo msodzi wosauka amatchera pomwe pali nsomba.

Kutentha nakonso kwayamba. Mu 2023 ku nyanja ya Tefé ku Brazil kunafa ma dolifini a mumtsinje oposa 150 pa milungu yochepa pamene chilala chinachepetsa madzi nkutentha kudutsa madigiri 39. Amene munakhalapo mu mzinda wa Tete mu Okutobala mukudziwa kutentha koteroko, nde taganizani muli m'madzi otero opanda kothawira.

Nanga njuchi zaubweya?

Izo sizifa imodziimodzi mooneka, zimangochepa mwakachetechete. Choyamba ndi kutha kwa maluwa, ku Britain madambo a maluwa akutchire anatha ndi 97 pa 100 alionse kuchokera m'ma 1930, ambiri anasanduka minda ndi malo odyetsera ziweto. Chachiwiri mankhwala, makamaka gulu lija la neonicotinoid limene limalowa m'mbewu yonse mpaka mu mungu, njuchi siifa pompo koma imasokonezeka, banja silikula, amanthu atsopano amabadwa ochepa, mpaka mayiko a European Union analetsa mitundu itatu ya mankhwalawa m'minda ya panja mu 2018. Chachitatu matenda ochokera ku njuchi zoweta, chachinayi kutentha, sinanga thupi lake ndi la kozizira.

Ku United States mtundu wina umene unali ponseponse kum'mawa kwa dzikolo, Bombus affinis, unachepa moti mu 2017 anauika pa mndandanda wa zotetezedwa ndi lamulo.

Pali mtundu unatheratu?

Chaka cha 2006 chili ndi nkhani ziwiri zomvetsa chisoni. Ku China asayansi anayenda milungu isanu ndi umodzi ndi maboti mu mtsinje wa Yangtze kufunafuna dolifini woyera wa kumeneko, baiji, sanaone ndi mmodzi yemwe, nkulengeza kuti zikuoneka kuti watha. Chaka chomwecho ku Oregon ku America, wofufuza za njuchi Robbin Thorp anaona njuchi imodzi yokha ya mtundu wa Bombus franklini, ndipo chionereni iyeyo palibe amene anaionanso. Za baiji dziko lonse linamva. Za njuchiyo anamva ndi ochepa, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene timalakwitsa, chinthu chikakhala chaching'ono chosaoneka bwino pa chithunzi chimatha popanda olira maliro.

Ndiye chofunika kuteteza kwambiri ndi chiti?

Sindingasankhe, koma njira ndi zosiyana. Kwa dolifini mumawerenga mitu, aliyense wopulumuka mu ukonde ndi phindu, ndipo olo mutachotsa maukonde onse lero kuti achuluke papita zaka makumi, palibe chidule. Kwa njuchi simuwerenga mitu, mumasunga malo: maluwa kuyambira kumayambiriro kwa nyengo mpaka kumapeto, pogona, ndi kuchepetsa poizoni, ndipo mukachita bwino zimatha kubwerera pa zaka zochepa chifukwa zimaswana msanga, bola amanthu ena akhale atatsala. Kunena za mimba zathu, njuchi ndi zimene zili pafupi ndi mphika.

Ndamva kuti azungu amagula njuchizi m'makatoni kuika mu matimati. Bwanji ife osaitanitsa?

Zoona amagula. Duwa la matimati limabisa mungu m'timachubu, kuti utuluke wambiri pamafunika kuligwedeza, nde njuchi yaubweya imaluma duwalo nkunjenjemeretsa thupi, mungu nkuwaza ngati ufa, zimene njuchi ya uchi siitha. Kale m'nyumba za magalasi zolimamo ku Ulaya anthu ankagwedeza maluwa ndi timakina pamanja, mpaka dokotala wa ziweto wa ku Belgium, Roland de Jonghe, anayamba kuziweta nkugulitsa cha m'ma 1987.

Koma chonde abale, kuno ayi. Ku Chile analowetsa njuchi yaubweya ya ku Ulaya mu 1997, inathawa m'minda nkufalikira mpaka ku Argentina, ndipo kulikonse inafika njuchi yawo yaikulu yofiirira, Bombus dahlbomii, imodzi mwa zikuluzikulu padziko lonse, inayamba kusowa, ofufuza akuloza matenda amene mlendoyo anabwera nawo ndi kulimbirana maluwa. Komanso ife ntchito imeneyo ali nayo kale mwini wake. Bemberezi amadziwa kugwedeza duwa chimodzimodzi, kaimeni m'dimba m'mawa mumve mmene kulira kwake kumasinthira akatera pa duwa la matimati kapena mabiringano. Pa nyemba, khobwe ndi nandolo ndi iye wamphamvu zotsegula duwa, ndipo magalagadeya popanda iye amayoyoka maluwa ambiri.

Ife a kumtunda kuno tingachite chani pa za dolifini, nyanja ili kutali chonchi?

Kutali ndi pa msewu, kuchoka Tete kukafika ku Beira ndi makilomita pafupifupi 600, koma madzi amafika. Mtsinje wa Revúbuè umayambira kumapiri kwathu konkuno nkukathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda wa Tete, Zambezi nkukathira m'nyanja cha ku Chinde, malo a mtundu womwe uja dolifini wa linunda amakonda. Botolo la mankhwala lotsukira mumtsinje, majumbo, dothi lokokoloka chifukwa talima mpaka m'mphepete, zonse njira yake ndi imeneyo. Sindikunena kuti jumbo lanu ndi limene lipha dolifini mawa, koma mtsinje ndi umodzi. Ndipo khalidwe la ukonde ndi lomwelo, amene akukokolola timwana ta nsomba ndi neti ya udzudzu mu mtsinje wa kwathu akuchita zomwe zikuchitika kugombe. Ku Mágoè anthu anayamba kale m'ma 1990 ndi Tchuma Tchato, kuti chuma cha m'tchire ndi m'madzi chikhale ndi eni ake a m'mudzi, nde si nkhani yachilendo m'chigawo chathu.

Bemberezi akundionongera denga, ndimusiye?

Ili linafunsidwa ndi amayi ena a ku Dómuè ndipo ndi funso lachilungamo, phaso likabooledwa zaka zambiri limafooka ndithu. Mayi, musamuthire mankhwala kapena kutseka bowo ali momo. Iye amakonda mtengo wouma wofewa wosapakidwa kanthu, nde mapaso a nyumba apakeni penti kapena vanishi, mabowo akale mutseke mukaona kuti mulibe kanthu, kenako mumuikire mitengo ina youma yofewa chapafupi ndi dimba, pamthunzi posanyowa ndi mvula, ngati chitsa chakale chilipo musachitenthe. Ambiri amasamukira kumeneko.

Pa zopopera, mbatatesi ndi matimati athu kuno timapopera kwambiri, ena kawiri pa sabata, ndikudziwa kuti popanda kutero chiwawu chimatha munda, koma poperani madzulo dzuwa litapendeka pamene njuchi zabwerera, osati m'mawa maluwa ali otsegula, musapitirire muyezo wolembedwa pa botolo ndipo musasakanize mankhwala atatu mu sipuleya imodzi chifukwa choti mnzanu anatero. M'malire mwa munda siyani kamzere ka tchire kakhale ndi maluwa ake, dzalani mpendadzuwa pang'ono ndi nandolo amene amachita maluwa mbewu zina zitauma, ndipo anyamata osaka mbewa auzeni akumbe ndi khasu osayatsa tchire lonse. Ine chaka chino ndaika zipika zitatu kuseri kwa dimba langa mu Ogasiti, pofika mvula yoyamba ziwiri zinali zitabooledwa kale, utuchi uli mbwee pansi.